Kamafuta ka m'phala la wodwala

Pali mawu amene anamwino amanena mwachangu popereka LA wa malungo pawindo la mankhwala, akuti imwani mutadya, ndipo chakudyacho chikhale chamafutako pang'ono. Ambirife timangovomera ndi mutu, maganizo ali kwa wodwala amene tamusiya pabenchi. Koma ine mawuwa akhala akundibwerera, ndipo ndikamawalingalira mofatsa ndimaona kuti mwabisala nkhani yaikulu ya mmene Mulungu analiumbira thupi lathuli.

Kuyambira mu 2007, pamene dziko la Malawi linasiya Fansidar n'kutenga LA kukhala mankhwala oyamba a malungo, takhala tikumwa mankhwala awiri m'piritsi limodzi. Ena, artemether, amagwira ntchito msangamsanga n'kutha m'thupi. Anzakewo, lumefantrine, amakhalitsa m'magazi masiku angapo, kupha tizilombo totsalira. Koma okhalitsawa ndi amene sasungunuka bwino m'madzi, moti akalowa m'mimba yopanda kanthu ambiri amangodutsa m'matumbo n'kutuluka osafika m'magazi, ndipo munthu akhoza kumwa kawiri patsiku masiku onse atatu mokhulupirika, thupi n'kupepukako, kenaka malungo omwewo n'kudzukanso pakapita masabata ochepa.

Mafuta akafika kumayambiriro kwa matumbo aang'ono, thupi limazindikira, kathumba ka ndulu kamadzifinya, ndulu n'kutsikira m'matumbomo. Ndulu yowawa ija, imene timaichotsa mosamala pokonza nkhuku kuti isawononge ndiwo, ndiyo imagwira mafuta n'kuwaphwanya tizidutswa tosaoneka, monga amachitira sopo pambale ya mafuta, ndipo mankhwala aja amasungunukira m'tizidutswamo mpaka kulowa m'magazi. Mafutawo amachititsanso kuti chakudya chisafulumire kuchoka m'mimba, choncho piritsi limapeza nthawi yosungunuka. Ndimangoti kakasi kuti zonsezi zimachitika mumdima, munthu ali gone, osadziwa chilichonse.

Apa m'pamene mtima wanga umakayika. Malungo amalanda chilakolako cha chakudya, m'kamwa mumawawa, fungo la mafuta limadzetsa mseru. Komanso amachuluka m'dzinja, nthawi imene nkhokwe zapepuka ndipo botolo la mafuta ophikira lauma m'makomo ambiri. Ndiye Ambuye, kodi amene alibe uja ndi amene mankhwala amuthandize pang'ono? Funsoli silinandichokeretu. Chimene chimanditonthozako n'chakuti thupi silipempha zambiri. Kafukufuku wa ku Thailand amene anatuluka mu 2007 anapeza kuti mkaka wa soya wokwana mamililita 36, masupuni aakulu awiri ndi theka chabe, ndi wokwanira kuti mankhwalawa alowe m'magazi pafupifupi mmene angathere. Mwana woyamwa amakwanitsidwa ndi bere la amake. Nsinjiro pang'ono m'phala, chidutswa cha peyala, kapu ya mkaka, zonsezi zili ndi mafuta ofunikawo. Ndipo wodwala akakaniratu kudya, mankhwala amwe ndithu pa nthawi yake, chakudya chimutsatire akangotha kumeza.

Komatu mafuta si bwenzi la piritsi lililonse. Griseofulvin wa zipere amawafuna. Koma efavirenz, amene ambiri anamumwa m'ma ARV, akakumana ndi chakudya chonona amalowa m'magazi mopitirira, chizungulire ndi maloto oopsa n'kukula, n'chifukwa chake ankalangiza kumumwa pogona, m'mimba mutapepuka. Rifampicin wa TB naye amalowa bwino munthu asanadye. Choncho palibe lamulo limodzi loti ndiliike pamtima n'kuleka kufunsa. Mankhwala alionse ali ndi khalidwe lake, ndipo kufunsa kuti ndimwe nditadya kapena ndisanadye ndi kudzichepetsa koyenera.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi, kuti piritsi lopangidwa ndi akatswiri akutali, lodutsa nyanja ndi malire, limafika pomaliza n'kudikira dzanja la munthu wosinja mtedza kuseri kwa nyumba. Timayamika dokotala, ndipo n'koyenera, koma agogo aja onyengerera mdzukulu kuti tameza kamodzi kokha mwanawe, nawonso akuchiza, ngakhale dzina la ndulu m'nkhaniyi sanalimvepo. Ndipempha kuti wina akadwala pakhomo panga ndisachepse ntchito yophika phala, ndisatope kukhala naye pamphasa kufikira supuni yachitatu italowa.