Nanga asanu enawo?

Mwezi wa November ukafika, akuluakulu amavala kaduwa kofiira pachifuwa, nkhata zimaikidwa pa chipilala cha asilikali ku Zomba, lipenga limalira, basi mwambo watha. Ine mwambowu ndimangowuonera pa foni ndili kwathu ku Bolero, netiweki ikalola. Chaka chino ndinaganiza zolembako kanthu pa Facebook, ndipo dzina lomwe linandibwerera msanga ndi la Private Chancy Chitete.

Kwa amene simukumudziwa: pa 14 November 2018, asilikali a Malawi ndi a Tanzania a m'gulu losungitsa mtendere la United Nations ku DRC ankamenyana ndi zigawenga za ADF kufupi ndi Beni. Corporal Ali Khamis Omary wa ku Tanzania anavulazidwa n'kugwa poyera, zipolopolo zikuvumba. Chitete anabwerera kukamukokera pobisika, ndipo ali mkati momuthandiza, naye anawomberedwa n'kufa. Omary anapulumuka. Mu May 2019, António Guterres anapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne ku New York. Kupatula banja la Diagne mwiniwake, palibe amene anali ataulandirapo ulemu umenewu.

Nkhani yoti munthu ukaimva tsitsi limaima. Ndinalemba ndime ziwiri, n'kuwawerengera asibweni anga (amalume, kwa inu a kumwera) tili pakhonde. Iwowa anali msilikali, ndipo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anali m'gulu lolondera njanji ya ku Nacala, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ili mkati. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa: "Pankhondo imene ija anafa Amalawi angati?"

Ndinati asanu ndi mmodzi.

"Nanga asanu enawo walemba pati?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Inunso tayesani kufunsa pa gulu lanu la WhatsApp, muona zii.

Funso limeneli landivutitsa sabata yonse. Kodi timakumbukira msilikali chifukwa anafa atatumidwa ndi ife, kapena chifukwa imfa yake ili ndi nkhani yokoma kukamba? Zikakhala kuti n'chifukwa choyambacho, onse asanu ndi mmodzi ndi ofanana: ndege imodzi, yunifolomu imodzi, amayi awo analira chimodzimodzi. Koma zikakhala kuti n'chachiwiricho, ndiye kuti chomwe timakonda ndi nkhaniyo, munthuyo ayi. Timafuna ngwazi yoti tiike pa status, timve kukoma kuti ndife Amalawi, mawa tipitirize zathu.

Sindikuchepetsa zomwe Chitete anachita, ayi ndithu. Pali kusiyana pakati pa kupezedwa ndi chipolopolo ndi kuchitsatira dala chifukwa cha munthu wa dziko lina amene si m'bale wako. Iye anali ndi mpata wokhala pomwe anabisala, palibe akanamunena. Kusankha kumeneko n'koyenera mendulo, ndipo dziko losatha kuloza munthu n'kunena kuti "uyu anachita zoposa" ndi dziko losauka mumtima.

Chomwe chikundiwawa n'chakuti nkhani ya ngwazi imatseka pakamwa. Ukangoti "anafa ngati ngwazi", mafunso ena amaoneka ngati mwano: anapita ndi zida zokwanira? Amene anasaina kuti apite anawerengera chiyani? Ana awo akuphunzira? Mu January 2025 asilikali ena atatu a Malawi anafa kum'mawa kwa DRC komweko, ulendo uno pansi pa SADC, polimbana ndi M23, ndipo patangopita masabata ochepa Pulezidenti Chakwera analamula kuti asilikali athu akonzekere kubwerera. Tinalemba RIP masiku awiri, nkhani ya shuga ndi mafuta n'kutitenganso.

Asibweni anandiuza za mnzawo wa ku Nacala. Sanapulumutse aliyense. Anaponda bomba lokwirira pansi m'mawa wina akupita kukatunga madzi a tiyi, ali ndi zaka zochepa kuposa zanga. "Ndiye ukalemba kuti chani, iwe wa digiri? Kuti anafera ketulo?" Anaseka pang'ono, koma maso sanaseke.

Ndinawafunsa dzina lake. Analitchula kawiri, pang'onopang'ono, ndi la bambo ake ndi mudzi wake womwe. Kenako anati ndisalilembe pa intaneti, chifukwa anthu angoika kamtima n'kudutsa. Ndime ziwiri zija zikadali mu foni, sindinaziponye.