Ngongole ndi nyumba ya ana

Ku America, kampani ya credit card ikakusumira, umapatsidwa masiku ochepa, kawirikawiri 20 mpaka 30, kuti uyankhe kukhoti. Ukangokhala duu, mlandu umakomera wokongozayo, ndipo akhoza kumadula mpaka 25 peresenti ya malipiro ako. Ena, mantha akawagwira, amalembetsa nyumba m'dzina la achimwene awo. Khoti likatulukira, limatha kuthetsa zimenezo.

Ndiye ndimadzifunsa: kodi kuteteza banja ndi kuba? Ine ndimati ayi, bola uchite poyera. Ana sanasaine nawo pepala la ngongole lija. Kukaonekera kukhoti, kufunsa umboni, kupempha kulipira pang'onopang'ono, zonsezo n'zachilungamo. Koma kubisa katundu n'kunama, ndipo bodzalo umalisenzetsa achimwene omwe sanadye nawo ndalamazo.