Wamkulu womeza anzake: kodi nyenyezi zingatiweruzire mlandu?

Pali mawu amene amatuluka mosavuta pamisika ya kwathu ku Ntcheu, kaya ndi pa Lizulu, kaya pamphambano yopita ku Tsangano. Mwini lole akagula mbatata ya kachewere pamtengo womuliza mlimi, kapena mwini golosale yaikulu akagwetsa timaokala tonse tomuzungulira, anthu amangopukusa mitu nkumati, "Nanga nkutani, nsomba yaikulu imadya yaing'ono. Ndi chilengedwe." Akatero nkhani yatha. Ine ndikufuna nkhaniyi iyambikenso. Kodi kukula pomeza anzako ndi mlandu, kapena ndi mmene zinthu ziyenera kukhalira basi? Poti mboni imene anthu amaitchula ndi chilengedwe, tiyeni mboniyo tiyiitane, ndipo tiitane chimphona chenicheni pakati pa omeza onse.

Mzere woyera uja timauona usiku kuthambo kukakhala kopanda mwezi, uja makolo anautcha mlalang'amba, ndi mudzi wa nyenyezi mabiliyoni oposa 100, ndipo dzuwa lathuli ndi imodzi mwa izo. Midzi yotere ilipo yosawerengeka. Wathuwu ndi wophwatalala ngati lichero, uli ndi mikono yopindika, ndipo m'mikonomo nyenyezi zatsopano zikubadwabe. Koma pali ina yooneka ngati dzira, yopanda mikono, yaikulu koopsa. Wodziwika kwambiri ndi M87, umene Charles Messier wa ku France anaulemba m'kaundula wake mu 1781. Uli kutali moti kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 55 miliyoni kuti kutifike. Nyenyezi zake ndi zochuluka kangapo kuposa za mlalang'amba wathu, ndipo wakhala ngati mfumu m'gulu la milalang'amba yoposa 1,000 lotchedwa Virgo.

Unakula bwanji? Unameza anzake. Milalang'amba iwiri ikayandikana imakokana, ndipo waung'ono umakhadzuka pang'onopang'ono mpaka kusungunukira mwa waukulu. Chodabwitsa nchakuti nyenyezi zenizenizo sizigundana, poti mipata pakati pake ndi yaikulu zedi. Palibe imene imafa. Chimene chimafa ndi dongosolo: nyenyezi zimene zinkayenda pamodzi njira imodzi zimabalalika, iyi uku iyi uko, ndipo mudzi umene unali ndi maonekedwe akeake umasowa. Mu 2015 akatswiri ogwiritsa ntchito makina oonera kutali a ku Chile anapeza zotsalira za mlalang'amba wina umene M87 unameza m'zaka biliyoni imodzi zapitazi. Ndiye amalume a pa Lizulu aja sananame. Kuthambo nako wamkulu amadya wamng'ono.

Koma mboniyi sinamalize kulankhula. Nyenyezi zimabadwa kuchokera ku mpweya, ndipo mpweyawo uyenera kuzizira kwambiri kuti uundane, ulemere, ugwere pamodzi nkuyaka. Mpweya M87 uli nawo wambiri, koma ndi wotentha madigiri mamiliyoni. Pakati penipeni pa mlalang'ambawu pali chimene asayansi amati dzenje lakuda, malo amene mphamvu yake yokoka ndi yoopsa moti ngakhale kuwala sikutulukamo. Dzenje limeneli ndi lolemera kuposa dzuwa lathu maulendo pafupifupi 6.5 biliyoni, ndipo ndi lomwe lija chithunzi chake chinaonetsedwa kudziko lonse pa 10 April 2019. Mpweya ukayamba kuzizira nkutsikira pakati, dzenjelo limadyako pang'ono, koma pakudyapo limalavula mkondo wa moto wotalika moti kuwala kungatenge zaka zikwi kuuyenda. Heber Curtis anauona mkondowu mu 1918. Makina a Chandra, amene anatumizidwa mlengalenga mu 1999, anaonetsa mmene mkondowu umavundulira mpweya nkuutenthetsanso. Zotsatira zake nzakuti mpweya supeza mpata wozizira, ndipo nyenyezi zatsopano sizibadwa kwenikweni. M87 ndi mudzi wa nkhalamba, nyenyezi zofiirira zimene zikungodikira kuzima. Chuma chobalira ana chilipo, koma pakati pamudzi pakutentha kwambiri.

Ndikamaganiza zimenezi ndimakumbukira dziko lathu lomwe lino. Mu 1966 Malawi inakhala dziko la chipani chimodzi. Chipanicho chinameza zipani, mabungwe, manyuzipepala, ngakhale magule a amayi. Anthu anzeru analipo ambiri, koma pakati panali potentha, ndipo anthu atatu sakanakhala pansi pamtengo nkuganiza limodzi momasuka. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu kuzengedwa. Ngakhale oyandikira pakati sanapulumuke: Albert Muwalo, mwana wa ku Ntcheu konkuno, amene anali mlembi wamkulu wa chipanicho ndipo ambiri ankamuopa, ananyongedwa mu 1977. Mantha ndiwo anali mpweya wotenthawo. Mpata wozizira unabwera ndi riferendamu ya pa 14 June 1993, ndipo amene analipo akukumbukira mmene manyuzipepala ndi maganizo zinaphukira nthawi imodzi ngati bowa mvula ikagwa.

Komatu si womeza aliyense amene amauma chonchi. Kummwera kwa thambo lathu kuli mlalang'amba wina wooneka ngati dzira, dzina lake Centaurus A, umene James Dunlop anauona ali ku Australia mu 1826. Uli pafupiko, zaka za kuwala pafupifupi 12 miliyoni, ndipo munthu wa mabainokula abwino angathe kuupeza madzulo a mu May ali pamalo amdima monga kumapiri a Kirk Range. Pamimba pake pali lamba wakuda wa fumbi ndi mpweya wozizira. Akatswiri amati lambayo ndi zotsalira za mlalang'amba wa mikono umene unamezedwa, ndipo m'lamba momwemo nyenyezi zatsopano zikubadwa. Womezedwayo ndiye akuberekera womumeza.

Ife a ku Ntcheu nkhani iyi sitiyenera kuimva kwa alendo. Angoni a Maseko anachoka kummwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1800, nayenda ndi nthungo mpaka ku Songea ku Tanzania, nabwerera kudzakhazikika cha ku Domwe. M'njira monsemo ankagwira anthu nkuwasandutsa Angoni. Anakula pomeza. Koma ana a Angoniwo analeredwa ndi amayi a Chintumba ndi a Chichewa, ndipo lero mdzukulu wa Gomani akamadandaula, akamafunsira mbeta, akamapemphera, amatero m'Chichewa. Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mfunda ndi m'maina. Ndani anameza mnzake pamenepa? Chimene chinabadwa ndi mtundu wa anthu amene timaona pa Umhlangano, ndipo ndi mtundu womwewo umene unapereka Gomani woyamba, amene Angerezi anamupha mu 1896, ndi Philip Gomani, amene anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 nachotsedwa paufumu.

Apa mpamene munthu angaterereke. Wina anganene kuti, "Basi tapeza yankho: kumeza nkwabwino bola pabadwe kanthu." Ine ndikukana. Mayi amene anagwidwa mudzi wake ukupsa sanafunsidwe ngati akufuna kukhala gogo wa mtundu watsopano. Ubwino wa zidzukulu sufafaniza misozi yake. Chokoma chikabadwa m'choipa, tithokoze amene anapirira, osati amene anagwira nthungo.

Ndipo apa mpamene mboni yathu ija iyenera kutsika m'bokosi. Nyenyezi sizingatiweruzire mlandu, chifukwa mlalang'amba susankha. M87 sunakhale pansi nkuganiza zomeza mnzake. Mphamvu yokoka ndiyo inachita zonse. Ngakhale mlalang'amba wathu womwewu ukumeza kamlalang'amba kakang'ono ka Sagittarius, kamene kanadziwika mu 1994, ndipo palibe amene angauimbe mlandu. Koma mwini lole uja amasankha. Akhoza kutchula mtengo uwu kapena uwo, ndipo mlimi akumuona pamaso. Munthu amene akuti "ndi chilengedwe" akudziyesa mwala wogubuduka paphiri, pamene usiku wathawu anawerengera phindu lake ndi pensulo. Mwala suwerengera. Tsiku limene unayamba kuwerengera ndi tsiku limene unasiya kukhala wosalakwa.

Tsono thambo latiphunzitsa chiyani ngati silingaweruze? Latisonyeza mathero. Siliti kumeza ndi tchimo, koma likuti taonani chimene chimatsala. Chinthu chikakula mpaka zonse nkumazungulira pakati pake, ndipo pakatipo nkumalavula moto nthawi zonse pamene china chikufuna kuundana, chinthucho chimasiya kubereka ngakhale chikhale ndi chuma chotani. Izi ndi zoona kwa mlalang'amba, ndipo ndaziona kwa anthu. Ndaona mwini mbumba amene anasonkhanitsa minda yonse ya abale m'manja mwake, ati kuti aisunge bwino, ndipo adzukulu ake onse anathera ku Joni poti pamudzi panalibe poti mwana nkuyambirapo. Ndaona mipingo imene m'busa ndiye mlaliki, msungichuma ndi woyimbitsa kwaya, ndipo iye atadwala mpingo unadwala naye. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Choncho funso limene ndikupempha kuti tizifunsa kwa wamkulu aliyense, kaya wa chipani, wa bizinesi, wa mpingo kapena wa banja, lisakhale lakuti wakula bwanji. Kukula nkosavuta kuona, ndipo ife Amalawi timafulumira kukuombera m'manja. Tizifunsa mafunso awiri. Loyamba: amene unawatengawo unawafunsa? Lachiwiri: pafupi nawe pabadwa chiyani chimene si iwe? Wamalonda amene anyamata ake atatu anatsegula mashopu awoawo ndi wamkulu kuposa amene ali ndi malole khumi ndi antchito osatha kugula njinga. Mtsogoleri amene anthu angamutsutse ali pomwepo nkukagona kwawo mwamtendere wasiya malo ozizira oti mawa pabadwe wina.

M87 udzawalabe zaka mabiliyoni ambiri ife titaiwalika, ndipo sudzamva manyazi, poti ulibe mtima woti nkumva nawo. Ife tili nawo. Mlimi wa ku Tsangano akamatsitsa thumba lake pasikelo, amene waima patsogolo pake si mlalang'amba ayi. Ndi munthu wa dzina ndi mfunda, amene angathe kuwonjezera mtengo, ndipo iye mwini akudziwa kuti angathe.