Kodi Kholo Lingakhale Mlendo kwa Ana Ake?

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu umatsamira pa mfundo yakuti mlendo aliyense ali ndi kwawo kumene adzabwerere dzuwa likakwera. Koma pali anthu amene mwambiwu suwakwana bwino: nkhalamba za mtundu wathu zimene mphamvu zawo zidathera m'mafamu a fodya ndi chimanga ozungulira tauni ya Banket, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe. Tiyerekeze kuti mmodzi wa agogo oterewa wafuna kukhala miyezi ingapo pafupi ndi ana ndi adzukulu ake amene adakapeza ntchito m'mbali mwa nyanja, ndipo m'malo molowa m'nyumba ya mwana wake wachita lendi kachipinda chapafupi. Kodi pamenepa ana achita manyazi, kapena banjali lapeza nzeru?

Tisadayankhe, tiyambe taona kumene agogowa achokera. Banket ili pa msewu wa Harare ndi Chirundu, makilomita pafupifupi 95 kuchokera ku Harare, munthu asadafike ku Chinhoyi. M'nthawi ya atsamunda, makamakanso m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963, amuna ambirimbiri adalowera kumeneko, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena polembedwa ndi bungwe limene kwathu ankalitcha Mthandizi. Amene sadabwerere tidawatcha machona. Iwowa adakhala m'makomboni, m'nyumba zimene munthu ankapatsidwa chifukwa cha ntchito, mwakuti ntchito ikatha denga nalo limatha. Pamene mafamu adayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, anzawo achishona ambiri adali ndi midzi ya makolo yothawirako, koma iwo adalibe. Lamulo la unzika la 2001 lidasandutsa ambiri a iwo alendo m'dziko lobadwira, kufikira malamulo aakulu a 2013 adavomereza unzika wa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC. Komatu chiphaso sichifolera nyumba.

Ana adabalalika. Ena adalowera ku Harare, ena ku Joni, ena kumadzi. Kumpoto kwa Banket kuli damu la Mazvikadei pa mtsinje wa Mukwadzi, limene lidamalizidwa mu 1988. Wotsata msewu waukulu kudutsa Chinhoyi, Karoi ndi Makuti amakafika ku Kariba, kumene asodzi amakoka kapenta usiku ndi nyali monga achitira anzawo a usipa pa nyanja ya Malawi. Kwa munthu wachuma, nyumba ya lendi m'mbali mwa madzi oterewa ndi malo okapitidwako mphepo. Kwa agogo athu, kachipinda kaja ndi kuyesa kulumikiza banja limene mbiri idalimwaza.

Otsutsa ali ndi mfundo yolemera. Iwo akuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mayi amene adakubereka kumbuyo akuthyola fodya sadakulipiritse lendi ya msana wake. Nanga iwe ungalole bwanji kuti azipereka ndalama kwa mwini nyumba wachilendo, chikhalirecho iwe uli ndi denga? Ndalama ikalowa pakati pa kholo ndi mwana, akutero iwo, chibale chimayamba kuwerengedwa mwezi ndi mwezi ngati ngongole, ndipo tsiku limene ndalamayo idzasowe nkhalamba idzapezeka ili panja kachiwiri.

Komabe tikaunguza mudzi wa makolo athu tipeza kuti agogo sankagona m'nyumba ya mwana wawo wapabanja. Adali ndi nyumba yawoyawo, kuka, kumene adzukulu aakazi ankagona namamva nthano, ndagi ndi malangizo. Mkamwini ndi apongozi ake ankapewana mwaulemu, osadyera pamodzi, osayang'anana m'maso. Makolowo adadziwa kuti chikondi chimafuna kuyandikana, pamene ulemu umafuna kampata. Nyumba zidali pabwalo limodzi koma mafuwa adali osiyana. Choncho kholo lochita lendi pafupi ndi ana silikuswa mwambo ayi. Likugula ndi ndalama chinthu chimene mudzi unkapereka mwaulere. Nzeruyi ikufunika kwambiri kumene ana adakwatirana ndi Ashona, amene mwambo wawo umatsata kuchimuna ndi malowolo, pamene Achewa amatsata mbumba ndi kwa malume. Khoma limodzi likhoza kupulumutsa ukwati ku mikangano yambiri.

Palinso china chokhudza ulemu wa munthu. Amene wakhala moyo wake wonse m'nyumba ya bwana amadziwa kuwawa kwa kugona pamalo pamene wina akhoza kukuuza kuti mawa usamuke. Kumulowetsa m'chipinda chochezera cha mwana wake, kumene mphasa iyenera kupindidwa m'mawa uliwonse, ndiko kumupatsa bwana wina, ngakhale bwanayo akhale wachikondi. Kiyi wa chitseko chake, ngakhale cha lendi, amamulola kulandira alendo ake, kuphika chigwada monga afunira, ndi kuitana mdzukulu kuti, “Tabwera kuno kwathu.” Wopanda chitseko sangaitane munthu.

Tisadzinamize kuti lendi payokha ndi ukoma. Ikhoza kukhala njira yaulemu yotayira nkhalamba, ana namadzitonthoza kuti adalipira. Muyeso wake uli pa kanjira ka pakati pa nyumba ziwirizo. Ngati kamera udzu, kholo latayidwa ngakhale likhale mtunda woponya mwala. Ngati ndi kopondekapondeka ndi timapazi ta adzukulu, mbale ya ndiwo ikupita uku ina ikubwerera, ndipo chifuwa cha agogo chikumveka usiku womwewo chayamba, ndiye kuti mudzi wamangidwanso.

N'chifukwa chake kutalika kwa ulendowu kuli ndi tanthauzo. Wobwera pa Khirisimasi amaphedwera nkhuku nachoka asadadziwike. Wokhala miyezi amadya nawo nsima ya masiku wamba, ndipo m'masiku wamba ndi mmene chilankhulo chimapatsirana. Malamulo a 2013 adaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka mu Zimbabwe, ndipo gule wamkulu, amene Ashona amamutcha Zvigure, akuvinidwabe m'madera a mafamu ndi migodi. Koma mwana wokulira m'Chishona ndi m'Chingerezi sadzaphunzira kunena “zikomo” akuwomba m'manja kuchokera m'buku la malamulo. Adzaphunzira pakhonde la agogo ake.

Tsono yankho lathu ndi lakuti manyazi sali pa lendi. Ana amene angathe ailipire okha, mwakachetechete, monga makolo akale ankamangira mayi wawo nyumba osamuwerengera mitengo. Chimene sayenera kuchita ndi kuyamba kufunsa kuti, “Kodi mubwerera liti?” Munthu amene adachona ku Malawi, nachotsedwa pa famu ku Banket, alibe kwina kumene funsolo lingamutumize. Kwawo ndi kumene kuli adzukulu ake.