Za Chinkhwe Chotuwa: Kodi Chikhulupiriro Chigulika?

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za mbalame imene ambiri a ife sitinaione ndi maso, koma mlandu wake suli kutali ndi khomo la munthu aliyense. Mbalameyo ndiyo chinkhwe chotuwa. Musachiyese chinkhwe chaching'ono chobiriwira chija chimene ana amachiingitsa m'munda wa mapira. Ichi kwawo ndi ku nkhalango zazikulu za mvula, ku Congo, Gabon, Cameroon ndi Ghana, kufikira ku Uganda ndi kumadzulo kwa Kenya. Msinkhu wake ndi wa nkhunda yaikulu, kutalika masentimita 33 ndi kulemera magalamu ngati 400. Thupi lake ndi lotuwa ngati phulusa, koma mchira ndi wofiira psuu. Chimene chinachitchukitsa ndicho pakamwa pake, pakuti chidziwa kutsanza mawu a munthu, kulira kwa khanda, ngakhale kukhosomola kwa nkhalamba, kotero kuti wakumva ali panja ayesa kuti m'nyumba muli anthu. Chifukwa cha luso limeneli anthu a maiko ambiri achisunga m'makola a waya, nalipira ndalama zambiri kuti akhale nacho.

Funso lathu ndi ili: munthu akagula mbalameyi, nagula khola lake ndi chakudya chake, kodi wagulanso mtima wake? Ndipo mtimawo akaupeza, wapeza chuma kodi, kapena ngongole?

Tiyambe ndi kumene chichokera. Kunkhalango chinkhwe sichikhala chokha. Masana zidya m'timagulu, makamaka zipatso za kanjedza zimene anthu amayengako mafuta ofiira, ndipo madzulo zisonkhana zambirimbiri pa mitengo yaitali, zilikuitanizana. Chachimuna ndi chachikazi zikasankhana zikhalitsa pamodzi. Chachikazi chiikira mazira atatu kapena anayi m'mphako, nichifungatira masiku ngati 30, mwamuna wake alikuchitutira chakudya. Ndipo ana atuluka m'mphakomo atatha masabata ngati 12. Tsono mbalame yotere ili ndi zinthu ziwiri m'mtima mwake: kuumirira anzake, ndi kuopa chilichonse chachikulu chimene chidzera kumwamba, pakuti kumeneko ndiko mphamba amachokera. Dzanja la munthu lolowa m'khola silisiyana ndi mphamba m'maso mwake. Mantha akewo si kupusa iyayi; ndiyo nzeru imene inasunga makolo ake.

Osaka adziwa zinthu ziwiri izi bwino lomwe. Apaka ulimbo pa timitengo, monga achita anyamata athu, koma nyambo yawo si chakudya. Atenga chinkhwe chamoyo, nachimangirira panthambi. Ndipo pamene chilira, zinzake zilikuuluka zimva, nizitsika kudzaona mnzawo, ndipo zigwidwa. Taonani chinthu chomvetsa chisoni: chimene chizipereka m'manja mwa adani si umbombo, koma ubale. Kuyambira 1975 kufikira 2013 zinkhwe zoposa 1 miliyoni zinatumizidwa kunja kwa maiko awo ndi makalata a boma, osawerengera zambiri zimene zinafera m'mabokosi zisanafike kudoko. Ku Ghana anthu ophunzira anayenda m'nkhalango kukaziwerenga, napeza kuti chiyambire 1992, mwa zinkhwe 100 zilizonse zinatha 90 kapena kuposa. Chifukwa chake m'chaka cha 2016 maiko a pangano lotchedwa CITES, atasonkhana ku Johannesburg, analetsa malonda a zinkhwe zogwidwa kutchire pakati pa dziko ndi dziko. Pa ichi sitifuna kuchulutsa mawu: wogula chinkhwe chotere wagula chakuba, ndipo ndalama yake ndiyo ipaka ulimbo wa mawa.

Koma zilipo zambiri zimene zinabadwira m'makola a oweta, makamaka ku South Africa, ndi zina zimene zakhala m'nyumba za anthu zaka zambiri, zosadziwa njira ya kunkhalango. Nanga zimenezi mwini wake azichitire chiyani?

Pali njira yachidule imene anthu osaleza mtima aitsata. Aimana chakudya mbalameyo kufikira njala iigonjetse, aidula nthenga za mapiko kuti isathawe, aikulunga m'nsalu naigwira molimba kufikira ileke kuphiriphitha. Patapita masiku owerengeka ikhala padzanja chete, ndipo mwini wake aitana anzake nati, Onani, yandizolowera. Ife tikana. Mbalame imeneyo siinakhulupirire munthu, yangotaya mtima. Kugonja ndi kukhulupirira zifanana pankhope monga bowa wakudya ndi bowa wakupha, ndipo ambiri a ife tasokoneza ziwirizi m'nyumba zathu zomwe. Mwana amene akhala duu atate wake akalowa, ife timuyesa waulemu. Kapena ndi waulemudi, kapena akumbukira chikoti cha dzulo. Tidzadziwa bwanji? Kwa chinkhwe mayeso ake ndi apafupi: tsegulani chitseko cha khola, mutambasule dzanja, ndi kuleka kuchikakamiza. Chikabwera pamene chikadatha kukana, ndiko kukhulupirira. Kumene kulibe mphata ya kukana, kuvomera kwake kulibe kanthu.

Njira yoona ndi yaitali, ndipo wakuiona ayesa kuti munthuyo sachita kanthu. Akhala pambali pa khola tsiku ndi tsiku, osati pamwamba pake, osachiyang'anitsa ndi maso onse awiri monga achitira mphaka, alikuchita ntchito yake ndi kulankhula motsitsa mawu. Chinkhwe chamantha chidzuma monga galu, mawu amene sungayembekeze kuti atuluke m'mbalame. Chikatero, munthuyo abwerere m'mbuyo pang'ono. Pambuyo pake apereka kamtedza pakati pa waya, ndipo chikakana asiya m'mbale nachoka. Kwa china masiku akwanira, kwa china miyezi, ndipo chimene chinazunzidwa kale chingathe chaka. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma pano kudekha kokha sikukwanira, pafunikanso kumva. Pakuti chinkhwe chilankhula ndi thupi lake chisanalume: chitutumutsa nthenga, chipendekera kumbuyo, chiyasamula mlomo, kamboni ka diso lake kachepa ndi kukula msangamsanga. Kuluma ndiwo mawu ake otsiriza, atakanidwa mawu ena onse. Munthu akaona zizindikiro izi nabweza dzanja, mbalame iphunzira kuti kukana kwake kumveka, ndipo siisowanso kuluma. Akachimenya chifukwa chaluma, wagwetsa tsiku limodzi nyumba imene anamanga miyezi.

Ndipo lifika tsiku limene chinkhwe chiweramitsa mutu, nichitutumutsa nthenga za m'khosi kuti munthu achikande. Malo amenewo mlomo wake sufikapo, ndipo kunkhalango ndi mnzake wapamtima amene amachikonzapo. Ndiponso poweramitsa mutu chileka kuona dzanja limene lilikudza. Mbalame imene moyo wake wonse uli m'maso yabisa maso ake mwadala pamaso pa chinthu chachikulu choposa iyo. Mphatso imeneyi siigulitsidwa pamodzi ndi khola.

Kapena wina adzati, Inu alembi mukuza nkhani. Mbalame ikonda mtedza, si munthu ayi, ndipo mawu ake ndi kutsanza chabe. Mawu awa ali ndi choona pang'ono, ndipo ife sitinena kuti mbalame ndi munthu. Koma tamvani za chinkhwe chimodzi dzina lake Alex. M'chaka cha 1977 mayi wina wophunzira, Irene Pepperberg, anachigula m'sitolo ya ziweto ku Chicago, m'dziko la America, ndipo anauza wogulitsa kuti asankhe yekha, kuti anthu asadzanene kuti anatenga chochenjera koposa. Sanachiphunzitse ndi njala. Anthu awiri anali kukhala pamaso pake, wina kufunsa dzina la chinthu, wina kuyankha. Woyankha bwino analandira chinthucho, wolakwa anamanidwa, ndipo Alex anali kupenya, monga mwana aphunzira poona akulu ake. M'zaka 30 anadziwa mawu oposa 100. Anatchula mitundu ya maonekedwe a zinthu, anawerenga zinthu kufikira zisanu ndi chimodzi, ndipo pomuonetsa zinthu ziwiri anatha kunena chimene zifanana ndi chimene zisiyana. Koma chimene ife tichiyesa chachikulu ndi ichi: anadziwanso mawu akuti iyayi, ndipo akatopa anali kupempha kubwerera kukhola kwake. Masiku ena anali kukana ntchito, ndi kutaya pansi zinthu zimene anamuonetsa. Mbalame imene inaloledwa kukana ndiyo inaphunzira zonsezi. Inafa m'chaka cha 2007, ili ndi zaka 31.

Za mtedzazo tiyankhe ndi nkhani ina. M'chaka cha 2020 anthu ophunzira, Désirée Brucks ndi Auguste von Bayern, analengeza zimene anaona pa chisumbu cha Tenerife. Anaphunzitsa zinkhwe kupereka kachitsulo kwa munthu ndi kulandira mtedza, monga ife tigula ndi ndalama. Atatero anaika ziwiri m'zipinda zoyandikana, zokhala ndi chibowo pakati. Chimodzi anachipatsa tizitsulo koma anatseka zenera lake logulira. Chinzake zenera lake linali lotsegula koma chinalibe kachitsulo. Mwa zinkhwe 8, zinkhwe 7 zinatola tizitsulo ndi kupatsira mnzawo pachibowo, ndi kumuona alikudya pamene izo sizinalandire kanthu. Ndipo kwa mnzawo wozolowerana naye zinapereka koposa. Mbalame yongofuna mtedza siikadatero.

Tsono tifike pa funso lachiwiri lija. Munthu wapeza mtima wa chinkhwe. Kodi ntchito yatha? Ife titi pamenepo ndipo yayamba, pakuti wokhulupirira aleka kudzilondera yekha, ndipo ulonda umene wautulawo ugwera pa iye amene akhulupiriridwa. Kunkhalango chinkhwe chiphunzira kwa makolo ake chodya ndi chosadya. M'nyumba chidya chimene dzanja lokondedwa lapereka. Peyala limene ife tidya mokondwa ndi poizoni kwa icho. Chimodzimodzi chokoleti, khofi ndi mowa. Mtedza wachuku uchidwalitsa. Mbewu za mpendadzuwa chizikonda monga mwana akonda shuga, koma chikadya zimenezo zokha thupi lake lisowa kashiamu, ndiye mchere womanga mafupa, ndipo chiyamba kugwa pamtengo wake ndi kuphupha ngati wakhunyu. Chifuna masamba, zipatso ndi nyemba zophika, chifuna dzuwa lenileni, losadzera pagalasi, pamodzi ndi mthunzi wothawirako, madzi osamba, mitengo yotafuna, ndi tulo ta maola 10 kufikira 12 pamalo a mdima ndi achete. Utsi wa kukhitchini ndi wa fodya uwononga chifuwa chake, ndipo mpweya wa mapoto ena amakono osamata chakudya, akapserera pamoto, ungachiphe tsiku lomwelo. Zonsezi mbalame siingazidziwe. Mwini wake akapanda kuzidziwa, kukhulupirira kwake kuja kwasanduka ulimbo wachiwiri.

Choposa zonse ndicho kusungulumwa. Mbalame imene inayenera kukhala pakati pa mazana yasiyidwa m'chipinda kuyambira m'mawa kufikira madzulo, eni nyumba ali kuntchito. Zambiri zotere ziyamba kudzizula nthenga pachifuwa ndi m'miyendo kufikira khungu lili poyera, mutu wokha ndiwo utsala ndi nthenga, popeza mlomo sufikako. Nthawi zina choyambitsa ndi matenda, ndipo dokotala wa ziweto ayenera kuyamba wachiona. Koma kawirikawiri ndi mantha ndi kusowa chochita. Tinene poyera maganizo athu: anthu ambiri amene akhumba chinkhwe sayenera kukhala nacho. Akhumba mawu ake kuti aseketse alendo, ndipo ena akapeza kuti chawo sichilankhula, pakuti si zonse zilankhula, achikankhira kuseri kwa nyumba.

Patsala chinthu chimodzi chimene wogula saganiza tsiku logula, ndicho zaka. Chinkhwe chosungidwa bwino chikhala zaka 40 kufikira 60. Galu afa mwini wake alipo, koma chinkhwe nthawi zambiri chitsala mwini wake atapita. Ku London, m'nyumba yotchuka ya Westminster Abbey, asunga kufikira lero thupi louma la chinkhwe chotuwa chimene chinali cha mfumukazi ina yaing'ono, Frances Stuart wa ku Richmond. Chinakhala naye zaka 40, ndipo iye atamwalira m'chaka cha 1702, icho chinafa patangopita masiku owerengeka. Anthu akamva nkhani iyi ati, Ha, chikondi chake! Koma zinkhwe zambiri sizifa pamodzi ndi eni ake. Zitsala, nizipita kwa mwana amene sanazifune, kuchoka apo kwa mnansi, kuchoka apo kumsika. Ndipo pa khomo lililonse ziyamba kudzuma ngati tsiku loyamba, zilikuitana ndi mawu a munthu amene ali kumanda.

Chifukwa chake munthu wa zaka 50 amene atenga mwana wa chinkhwe, maso ake akali akuda asanasanduke achikasu, ayenera kutchula wolowa m'malo mwake monga achita ndi munda, ndi kumfunsa ngati afunadi, pakuti iyenso ayenera kukhala ndi mphata ya kukana. Akavomera, asayembekeze tsiku la maliro. Ayambe tsopano kudza kunyumbako mwini wake akali moyo, nakhale pambali pa khola, ndi kamtedza m'dzanja.