Kuona maso a nkhono n'kudekha

Amene anakulira kumudzi anaseweretsako nkhono m'dzinja. Ukaitola n'kuigogoda ndi kamtengo, imabwerera m'chigoba, iwe n'kutsala ndi thovu m'manja. Koma ukaiika pa tsamba lonyowa n'kukhala phee, pang'onopang'ono imatulutsa tinyanga tinayi, ndipo maso ali kunsonga kwa tiwiri tatitalito. Ambiri mwambiwu amaumva ngati ukungonena za kudikira. Ine ndimati ukunenanso za kuleka kugogoda.

Lowani mu Sitandade 1, nkhono muzipeza mbwee. Pali mwana amene poimba "ba be bi bo bu" ndi anzake mawu ake amaposa onse, koma mukamulozera phatikizo limodzi ali yekha, kukamwa yasa. Wina masamu a pa bolodi amamuzunguza mutu, chonsecho madzulo amagulitsa mandasi a amayi ake osalakwitsa chenji. Mutamupatsa zitsekerero za mabotolo akhoza kuwonkhetsa bwinobwino. Wachialubino amene wakhala kumbuyo zolemba za choko sakuziona, ndiye amatchedwa waulesi, pomwe chimene akusowa ndi malo akutsogolo ndi zilembo zikuluzikulu. Ku Mangochi, mwana wolankhula Chiyao kwawo amangoti duu chifukwa Chichewa cha aphunzitsi sichinamulowe. Za wamanzere musachite kufunsa, enafe tinkaona akukwapulidwa zala kuti agwire pensulo ndi dzanja lamanja.

Ana onsewa tili ndi dzina limodzi lowapatsa: mbuli. Kugogoda kwake n'kumeneku. Mwana akasekedwa kawiri katatu amaleka kukweza mkono, kenako amabwereza kalasi, mawa lake mumupeza kudambo akuweta mbuzi. Nzeru anali nazo, koma palibe anakhala pansi kuti aone pomwe zimatulukira.

Komatu tisafulumire kuloza chala aphunzitsi. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, makalasi ang'onoang'ono sanapumepo. Munthu mmodzi, ana oposa 100, ena pansi pa mtengo. Adekhera uti, asiya uti? Mwambiwu sunena za munthu amene wapatsidwa dengu lodzaza nkhono ndi belu lomuthamangitsa. Aphunzitsi ochenjera amagawa ana m'magulu, wodziwa athandize mnzake, iwo n'kukagwada pambali pa atatu amene atsalira.

Ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, koleji ya Montfort imasula aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Amenewa ndiwo anaphunzira kudekha ngati ntchito. Koma alipo ochepa, moti ena amayendera sukulu zingapo, ndipo tsiku limene sanabwere, wachialubino uja amabwerera kukhoma lakumbuyo n'kumakopera m'kope la mnzake.