Kodi Wantchito Aulule Choipa cha Womlemba Ntchito?

Abale, ife a kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi tidziwa Dzaleka. Kuyambira chaka cha 1994 ndi msasa wa othawa nkhondo, koma m'masiku a Kamuzu Banda inali ndende ya iwo amene boma linawayesa otsutsa. Akulu amati dzinali lichokera ku mau a wandende wolonjeza kuti, ndidzaleka. Tsono funso lathu nali: munthu amene aona choipa m'nyumba ya womlemba ntchito, kodi aleke kunena, kapena anene poyera?

Pakati pa okhala m'msasamo alipo ochokera ku Ethiopia. Mai wina wobadwira m'dziko lomwelo, Timnit Gebru, anathawa nkhondo ali mtsikana, nalandiridwa ku America, nakhala mmodzi wa atsogoleri a kafukufuku ku kampani ya Google. Mu 2020 iye ndi anzake analemba zochenjeza kuti makina ophunzitsidwa ndi mau a pa intaneti atengera tsankho la anthu olemba mauwo. Akuluakulu anamuuza abweze cholembacho kapena achotsepo dzina lake. Iye anafunsa chifukwa, ndipo mu December ntchito inatha. Iye ati anachotsedwa. Kampani iti anachoka yekha. Antchito anzake oposa 2,000 analemba maina ao pa kalata yodandaula. Mu 2021 Frances Haugen, amene anagwirapo ntchito ku Facebook, anapereka kwa aphungu a ku America makalata osonyeza kuti kampaniyo inadziwa kuti Instagram isautsa mitima ya atsikana ena.

Tisafulumire kuombera m'manja woulula aliyense. Wantchito ali ndi mangawa kwa iye amene amdyetsa, ndipo si zonse za m'nyumba ziyenera kupita kubwalo. Alipo amene aulula chifukwa cha nsanje, kapena pofuna kutchuka. Ameneyo ndi wamiseche, ngakhale zonena zake zikhale zoona. Dongosolo la mumpingo tilidziwa: uyambe wadzudzula mnzako muli awiri, pambuyo pake uitane mboni, ndipo potsiriza pokha udziwitse msonkhano. Nayenso mneneri Natani sanayambe ndi kulengeza tchimo la Davide pamsika. Anapita kwa mfumu yomweyo.

Koma tiyese mlandu uwu. Wosunga sitolo auza mnyamata wake apotoze sikelo. Mnyamatayo adandaula mseri kawiri, katatu, osamveka. Akakhala chete, alipira ndani? Alipira mai wamasiye wogula mchere, amene sanakhale nao pa upowo. Pamenepo kukhala chete sikulinso kukhulupirika, koma kugawana naye tchimo mwini sitolo. Makampani aja ali ngati sitoloyo, koma sikelo yao ili m'lamya za ana athu, ndipo palibe wa kunja angathe kuiyesa. Oiona ndiwo antchito okha.

Chifukwa chake titi: wantchito anene poyera pamene choipacho chigwera anthu a kunja, atayesa kale njira za m'nyumba, ndipo anene chokhacho chimene achidziwa. Ndipo ife amene tili ndi wantchito kumunda, kuchigayo kapena kusukulu, tikumbuke kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Tikamumva pakhonde, sadzafuna bwalo. Tikamuopsa kufikira atati, ndidzaleka, tamanga Dzaleka wamng'ono pakhomo pathu, ndipo choipa chija chikhalabe pomwepo.